Kulemba popanda cholembera: mbiri ya alembi m'ndende za Malawi

Mbandakucha wa pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atalamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress agwidwe, apolisi ndi asilikali anayamba kugogoda m'makomo kuyambira ku Karonga mpaka kumunsi kwa Shire. M'masabata otsatira anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuwazenga mlandu. Ambiri anawaunjika ku Kanjedza, ku Limbe. Ena anapita nawo ku Southern Rhodesia, kundende ya Khami pafupi ndi Bulawayo. Dr. Hastings Kamuzu Banda, Henry Masauko Chipembere ndi ana awiri a kwa Chisiza, Dunduzu ndi Yatuta, anakathera kundende ya Gwelo, komwe lero timati Gweru.

Mbiri ya kulemba m'ndende kuno kwathu ikuyambira pamenepo, ndipo chiyambi chake n'chosiyana kutalitali ndi zomwe zinadza pambuyo. A ku Gwelo anali akaidi ndithu, koma atsamunda sanawamane buku kapena pepala. Ankawerenga, ankatsutsana, ankalemba. Dunduzu Chisiza, yemwe pomangidwa anali asanakwanitse zaka 30, anatuluka ndi maganizo amene posakhalitsa anasindikizidwa m'timabuku ta Realities of African Independence ndi Africa: What Lies Ahead, momwe anachenjeza kuti dziko longomasuka kumene likhoza kugwera m'manja mwa munthu mmodzi. Kamuzu nayenso anatuluka pa 1 Epulo 1960 ndi zomwe kwa zaka zambiri ankazitcha maloto ake a ku Gwelo: likulu kusamukira ku Lilongwe, yunivesite, ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Otuluka m'ndende nthawi imeneyo ankayenda monyadira ngati omaliza sukulu.

Ine ndimakhulupirira kuti Kamuzu sanaiwale zomwe anaona ku Gwelo. Anadziwa bwino zimene munthu wotsekeredwa angachite ngati wamusiyira pepala, pensulo ndi anzake ocheza nawo. Itafika nthawi yoti iye amange ndende zake, zinthu zitatu zimenezi ndi zomwe anayamba kuchotsa.

Zinthu zinatembenuka msanga. Dunduzu anafa pa ngozi ya galimoto pa mlatho wa Thondwe mu Sepitembala 1962, imfa yomwe anthu sanaleke kuifunsa mpaka lero. Mu Sepitembala 1964, dziko lili ndi miyezi iwiri yokha likudzilamulira, nduna zinasemphana ndi Kamuzu, ndipo Chipembere, Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza, Rose Chibambo ndi ena anasanduka zigawenga m'maso mwa boma. Mu 1965 malamulo a chitetezo anapatsa mtsogoleri mphamvu yotsekera munthu aliyense kwa nthawi iliyonse popanda bwalo la milandu, ndipo kampu ya Dzaleka ku Dowa inayamba kudzaza. David Rubadiri, mlakatuli yemwe anali kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations, anatula pansi udindo nakhala kunja. Mlembi Legson Kayira sanabwerere kudzakhala kwawo. Mu 1966 chipani chinatsala chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya.

Chomwe chinakhudza alembi mwachindunji chinali lamulo la mu 1968 lomwe linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu, zisudzo ndi nyimbo. Sewero lililonse linkayenera kukadindidwa kaye lisanaonetsedwe. Mabuku oletsedwa anachuluka chaka ndi chaka, Animal Farm ya George Orwell ili m'gulu lomwelo, ndipo ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inasowa pa wailesi chifukwa cha dzina lokhalo. Koma chowawa koposa sichinali bungwelo ayi. Chinali kusadziwa kuti mwa anthu amene wakhala nawo pamowa, m'kalasi kapena pamaliro, kazitape ndi uti. Munthu ankayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la Chipembere m'nyumba mwake momwe. Mlembi wa nthawi imeneyo anali kale payekha asanaone n'komwe chipata cha ndende.

Pakati pa mantha amenewa, mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor College, yomwe nthawiyo inali ikadali ku Chichiri mu Blantyre, anayambitsa gulu la alembi lodziwika kuti Writers Group. Munali Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, James Ng'ombe ndi anzawo, pamodzi ndi aphunzitsi monga David Kerr ndi Landeg White. Steve Chimombo ndi Felix Mnthali nawonso anakhala mizati ya gululi. Ankakumana sabata ndi sabata. Wolemba ankabwera ndi ndakatulo kapena kankhani kake kochulukitsidwa pa makina a sitensulo, n'kukawerenga mokweza, anzake n'kukasenda popanda kuyang'ana nkhope, kaya ndi wa chaka choyamba kaya ndi mphunzitsi. Mu 1971 anatulutsa kabuku ka Mau, ka ndakatulo 39. Kolejiyi itasamukira ku Zomba mu 1973, gulu linasamuka nayo.

Vuto lawo linali limodzi: unganene bwanji chowawa pamaso pa mwini mphamvu iwe n'kugona kwanu usiku womwewo? Yankho sanakalitenge ku Ulaya. Linali kale pakhomo. Amayi pamtondo akhala akudzudzula mwamuna, apongozi kapena mfumu kudzera m'nyimbo, wonenedwayo akumva koma osapeza pogwira, chifukwa dzina silinatchulidwe ndipo nyimbo siimbidwa mlandu. Gule wamkulu ali ndi zilombo zomwe zinkaseka mzungu wa boma ndi wa mishoni iwo akuonerera. Kumunsi kwa Zambezi, ku Mozambique, anthu ogwira ntchito m'minda ya nzimbe anaimba za kapitawo wankhanza Paiva kwa mibadwo ingapo, nyimbo yomwe Landeg White ndi Leroy Vail anadzailondola bwino m'kafukufuku wawo. Zining'a, mikuluwiko, nthano za kalulu: zonsezi ndi sukulu ya kunena chinthu mokuluwika. Anyamata a ku Chancellor anangozitenga n'kuzilowetsa m'ndakatulo za Chingerezi.

N'chifukwa chake ndakatulo za m'zaka zimenezo zadzaza ndi Kaphirintiwa, M'bona, nadzikambe ndi mphemvu. Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe anthu amati ndicho chinagumula mapiri a Zomba mu 1946, n'kuchisandutsa chifanizo cha mphamvu yomwe imadutsa m'mudzi n'kusesa anthu popanda wofunsa. Mapanje ankabwerera kawirikawiri ku dzenje la Chingwe pamwamba pa phiri la Zomba, momwe amati mafumu akale ankaponyamo adani awo. Wounika mabuku akawerenga ankangoona miyambo ya makolo, imene boma lenilenilo linkalimbikitsa. Wophunzira wa ku Zomba, amene mnzake wa m'chipinda anasowa usiku wathawu, ankadziwa dzenje lomwe likunenedwa.

Kuphiphiritsa kunali ndi mtengo wake, ndipo tisabise. Ndakatulo zina za nthawi imeneyo n'zokhoma kwambiri moti lero, mantha aja atatha, wowerenga amavutika kupeza khomo lolowera. Ndiponso sikunateteze aliyense. Landeg White anathamangitsidwa m'dziko mu 1972. Chipasula anathawira ku Zambia mu 1973.

M'zaka zomwezo boma linatsegula ndende ya Mikuyu, kunja kwa Zomba cha ku dambo la nyanja ya Chilwa, komwe kumatentha ndipo udzudzu sutha. Inamangidwira akaidi a ndale. Masiku amenewo mphamvu zotsekera anthu zinali m'manja mwa Albert Muwalo Nqumayo, mkulu wa chipani, ndi Focus Gwede wa nthambi ya apolisi achinsinsi. Ophunzira ambiri, makamaka ochokera kumpoto, anasesedwa m'maofesi a boma ndi ku yunivesite. Sam Mpasu anagwidwa mu 1975 chifukwa cha kabuku kake kopeka ka Nobody's Friend: apolisi anaganiza kuti wopanda bwenziyo ndi Kamuzu. Anakhala zaka ziwiri osaonekera kubwalo. Felix Mnthali anatengedwa mu 1976. Edison Mpina nayenso anadutsa ku Mikuyu. Chakumapeto kwa 1976 Muwalo ndi Gwede anagwa. Muwalo ananyongedwa mu 1977, Gwede analowa m'ndende zomwe iye ankatumizako anzake, ndipo akaidi ambiri anamasulidwa.

A Mpasu, a Mnthali ndi a Mpina onse analemba, koma aliyense pa nthawi yake. Ndakatulo za a Mnthali zinatuluka m'buku la When Sunset Comes to Sapitwa mu 1980, ku Lusaka. A Mpina anapambana mpikisano wa ndakatulo wa BBC mu 1981, ndipo buku la Summer Fires la mu 1983, lomwe linasonkhanitsa ndakatulo za mpikisanowo kuchokera mu Africa monse, linatenga dzina kuchokera ku ndakatulo yawo. A Mpasu anadikira mpaka 1995 kuti atulutse Political Prisoner 3/75, dzina lomwe ndi nambala yawo ya ukaidi. Anasunga nkhani yonseyo m'mutu zaka pafupifupi 20, mayina a anzawo, masiku, ndi mawu a owafunsa mafunso.

Amene anatisiyira chithunzi chatsatanetsatane cha mmene ndakatulo imapangidwira mkati mwa Mikuyu ndi a Jack Mapanje. Anabadwa mu 1944 m'mudzi wa Kadango ku Mangochi, anaphunzira za zilankhulo ku London, ndipo pofika m'ma 1980 anali mkulu wa nthambi ya Chingerezi pa Chancellor College. Buku lawo loyamba, Of Chameleons and Gods, linatuluka ku London mu 1981. Mu 1985 linachotsedwa m'masitolo a mabuku, m'masukulu ndi m'malaibulale, ngakhale kuti silinalengezedwe poyera kuti ndi loletsedwa. Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi anawapeza ku Gymkhana Club mu Zomba. Anawamanga maunyolo, n'kupita nawo ku ofesi ndi kunyumba kukachita chipikisheni, mayi awo okalamba akuona. Mayiwo anamwalira mwana wawo asanatuluke. Palibe mlandu womwe anawauza, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo panapita miyezi 22 banja lawo lisanaloledwe kuwaona.

Tiyeni tilowe nawo. Zovala zako, wotchi, lamba ndi nsapato zimatsala ku ofesi, umavala foya. Kugona ndi pansi, pa simenti, ndi mabulangete othaitha. Chakudya ndi nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, anankafumbwe akuyandama pamwamba pa msuzi, lero, mawa ndi mkuja. Selo iliyonse ili ndi nyapala wake, mkaidi mnzako woyang'anira dongosolo. Nyuzipepala palibe, wailesi palibe, cholembera palibe, buku ndi Baibulo basi. Magadi amatha kulowa nthawi iliyonse, kukuvulani nonse, kukutumula mabulangete ndi kufufuza m'ming'alu ya khoma. Wopezeka ndi kapepala amapita ku selo ya chilango, yekha, maunyolo kumiyendo, chakudya osachiona. Pamwamba pa bwalo la selo ya D4 panali waya, ndipo madzulo aliwonse timbalame tambirimbiri togwedeza mchira tinkadzagona pamenepo, kulongolola usiku n'kumagwetsa zitosi zomwe akaidi ankakolopa m'mawa uliwonse. Timbalame timeneti ndi tomwe tinadzapatsa dzina buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison.

Munthu wophunzira kulemba pa pepala amadalira pepalalo kuposa mmene amaganizira. Amalemba mzere, kuufufuta, kuusiya, kubwereranso mawa n'kuupeza pomwe anausiya. Ukamuchotsera pepala, ntchito yonse imasamukira m'mutu, ndipo mutu uli ndi malamulo ake. Mzere wautali wopotanapotana sukhalitsa. Chomwe chimakhala ndi chomwe chili ndi kayendedwe komveka m'khutu, chobwerezabwereza, chomangirira pa chinthu chooneka ndi maso. Ukawonjezera mzere watsopano uyenera kuyambira pamwamba kunena yonse, ndipo mawu ofooka amagwa okha panjira. A Mapanje anafotokozapo kuti anapeka ndakatulo zoposa 20 mwanjira imeneyi, akugwiritsa mitu yake kuti tsiku lina, akadzapeza pepala, mutu uliwonse udzakoke thupi lake. Zinali ngati chimanga cha mbewu chimene mayi amapachika kutsindwi kwa khitchini, osadziwa ngati mvula idzamupeze ali moyo. Atatuluka, zambiri zinabwerera. Zina zinabwerera zitasintha, ndipo zina zinatsakamira komweko.

Apa m'pamene maphunziro a kale aja anagwira ntchito. Munthu yemwe anakulira m'mbali mwa nyanja akumva nthano ndi nyimbo za asodzi, yemwe mu 1983 anasonkhanitsa ndi Landeg White buku la ndakatulo zapakamwa za mu Africa, ankadziwa kuti agogo athu anasunga mibadwo ya mafumu, milandu ndi nyimbo zamaliro popanda inki. Kumulanda pensulo kunali kumubwezera ku njira imene anaiphunzira kale. Boma linaganiza kuti ndakatulo imakhala pa pepala. Apa linalakwitsa.

Zinthu ziwiri za m'ndendemo zimandikhudza kuposa zina. Choyamba ndi makoma. Akaidi am'mbuyo anali atakanda pamenepo mayina awo, masiku, mapemphero ndi mizere yowerengera nthawi, ndi chilichonse chakuthwa chomwe anapeza. Ambiri a iwo sanali alembi. Anali akalaliki, alimi, aphunzitsi a pulayimale, a Mboni za Yehova. Tsiku lina akaidi analamulidwa kukwecha makomawo kuti ayere, ndipo a Mapanje anaona kuti akuwatuma kufafaniza buku lokhalo lomwe Mikuyu inali nalo. Anapeka ndakatulo ya kukwecha kumeneko. Kumbukirani kuti mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anagonekedwa ku Mikuyu komweko asanakaphedwe ku Thambani ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. M'dziko lotere, dzina lokandidwa pakhoma ndi umboni.

Chachiwiri ndi chingwe. Akaidi ankafuna kulimbitsa thupi podumpha chingwe, koma chingwe chinali choletsedwa poopa kuti wina angadzimangirire. A Mapanje anayamba kudumpha popanda chingwe, manja akuzungulira, mapazi akunyamuka pa nthawi yake, akuwerenga. Gadi sangalande chingwe chomwe palibe. Buku lawo la mu 1998, Skipping Without Ropes, linachokera pamenepo.

Komabe ndingakhale ndikunama nditati mutu wa munthu mmodzi ndi umene unagonjetsa Mikuyu. Mutu umodzi susenza denga. M'seloyo munali anthu omvetsera, otsutsa, osimba nthano usiku, oimba nyimbo za Mulungu, ophunzitsana zomwe aliyense ankadziwa kunja. Munali Brown Mpinganjira, amene anali atalowa kale, ndipo mu 1989 munalowa Dr. George Mtafu, dokotala wa opaleshoni ya ubongo, yemwe anamangidwa atakana kupepesa chifukwa chotsutsa zonyoza anthu a kumpoto. Ndipo munali magadi ena, anthu a malipiro ochepa, okhala m'nyumba za boma ndi ana awo, amene anavomera kutulutsa timakalata. Tinkalembedwa ndi kachidutswa ka mtovu wa pensulo kobisidwa mosamala, pa pepala la kuchimbudzi kapena pa chikutiro cha sopo, n'kupindidwa kang'onong'ono. Mmodzi wa magadiwa a Mapanje amangomutchula ndi dzina lobisa la Noriega. Akanagwidwa, iyenso akanavala foya.

Timakalatato tinkafika kwa bambo Patrick O'Malley, wansembe wa ku Ireland yemwe ankaphunzitsa pa Chancellor College, ndi kwa David Kerr, n'kuwoloka nyanja kukafika kwa Landeg White ku York, ku Amnesty International, ku bungwe la alembi la PEN ndi ku BBC. Mayankho ankabwerera njira yomweyo, pamodzi ndi mankhwala ndi tizidutswa ta nyuzipepala. Umu ndi mmene a m'selo anadziwira kuti Harold Pinter ndi alembi ena aima pakhomo pa ofesi ya kazembe wa Malawi ku London akuwerenga ndakatulo za mnzawo mokweza, ndiponso kuti mu 1988 Wole Soyinka wakalandira m'malo mwawo mphoto ya ndakatulo ku Rotterdam. Mayina a akaidi ena omwe dziko linali litawaiwala anatulukira m'njira yomweyi. A Mapanje anamasulidwa pa 10 Meyi 1991, patatha zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16, ndipo posakhalitsa anasamukira ku England ndi banja lawo.

Mukaika buku lawo la 1981 pambali pa The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison la 1993, mumaona kusintha. Loyamba limayenda mozemba, likusintha mtundu pa tsamba lililonse. Lachiwiri limatchula ndende ndi dzina lake, limatchula selo, chakudya, maunyolo ndi akufa. Mbali ina n'chifukwa chakuti linasindikizidwa mwini wake ali kutali ndi apolisi a Kamuzu. Koma mbali ina inayambira mkati momwemo. Munthu amene akuopa kumangidwa amayeza liwu lililonse. Amene wamangidwa kale, ndipo ndakatulo yake ili m'mutu momwe wounika mabuku sangafikemo, alibenso chifukwa chozembera. Ufulu umenewu ndi weniweni, ndipo alembi a m'maiko ena anaupezanso. Soyinka, atatsekeredwa yekha ku Kaduna pa nkhondo ya Biafra pakati pa 1967 ndi 1969, ankalemba pakati pa mizere ya mabuku ndi pa timapepala ta fodya. José Craveirinha wa ku Mozambique anakhala m'manja mwa apolisi a Apwitikizi kuyambira 1965 mpaka 1969, ndipo ndakatulo zake za m'ndende zinadzatuluka m'buku la Cela 1. Mnzake Malangatana anajambula zithunzi ali m'ndende momwemo. Ngũgĩ wa Thiong'o, kundende ya Kamiti mu 1978, analemba buku lonse lathunthu pa pepala la kuchimbudzi. Mu 2002 a Mapanje anasonkhanitsa zolemba zotere za mu Africa monse m'buku la Gathering Seaweed.

Koma ndikukana kuti wina atenge mbiri imeneyi n'kunena kuti ndende imanola luso. Pa mlembi mmodzi amene anatuluka ndi ndakatulo, panali anthu mazana amene anatuluka ndi maso owonongeka, mano ogweluka, mabanja otha ndi mitu yosokonekera, ndipo ena sanatuluke. Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27, kuyambira 1965 mpaka 1992. Aleke Banda, yemwe anayamba ukaidi ku Khami ali mwana wasukulu, anatsekeredwanso ndi Kamuzu kuyambira 1980 mpaka 1992. Orton ndi Vera Chirwa, ogwidwa pa 24 Disembala 1981, anakhala m'ndende imodzi ya Zomba zaka zambiri osaonana. Orton anafera momwemo mu Okutobala 1992, ndipo mayi Chirwa anatuluka mu Januwale 1993 n'kudzalemba mbiri yawo, Fearless Fighter, yomwe inatuluka mu 2007. Ngakhale a Mapanje amene, zinawatengera zaka 20 kuti amalize buku lofotokoza zonse, And Crocodiles Are Hungry at Night, la mu 2011. Zomwe Writers Group ikanalemba pakanapanda mantha, mabuku omwe anang'ambidwa ndi eni ake apolisi asanafike, ndi zambiri kuposa zomwe tinapulumutsa.

Kalata ya maepisikopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zinatseka nyengo imeneyi. Boma latsopano linalamula kuti Mikuyu ndi Dzaleka zitsekedwe. Dzaleka inasanduka kampu ya othawa kwawo, ndipo n'kumeneko komwe mlakatuli wa ku Congo, Trésor Mpauni, anayambitsa chikondwerero cha zaluso cha Tumaini mu 2014, pakati pa anthu omwe lamulo siliwalola kukhala kunja kwa kampu. Mikuyu inakhalako malo osungira mbiri kwa kanthawi, kenako inabwerera kukhala ndende.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandisowetsa mtendere pa chuma chonsechi. Ngũgĩ atalowa ku Kamiti anasankha kulemba m'Chigikuyu, kuti amayi ake ndi anthu a kumudzi amve. Kuno mabuku akuluakulu a ku Mikuyu analembedwa m'Chingerezi, ndipo ambiri anasindikizidwa kunja. Zifukwa zake n'zomveka: osindikiza a m'dziko muno ankaopa, thandizo linali kunja, ndipo Chichewa cholembedwa chinali pansi pa diso la Kamuzu mwiniwake, yemwe anachikweza mu 1968 n'kuchotsa Chitumbuka pa wailesi. Koma zotsatira zake n'zakuti mkazi wa gadi uja, kapena mdzukulu wa mlimi amene anakanda dzina lake pakhoma, sangawerenge mosavuta nkhani yomwe ndi yake. Luso lomwe linapulumutsa alembiwa linachokera pamtondo ndi pabwalo, koma zipatso zake sizinabwerere kumeneko mokwanira. Imeneyi ndi ntchito yomwe ikudikira omasulira, aphunzitsi ndi a mawailesi athu.

Mawu a m'ndende m'zilankhulo zathu anadzamveka kutali kudzera m'nyimbo. Mu 2013 Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, ndi mkazi wake Marilena Delli analoledwa kulowa m'ndende yaikulu ya Zomba, yomwe inali ndi akaidi pafupifupi 2,000, ochuluka kwambiri kuposa omwe inamangidwira. Awa sanali akaidi a ndale. Anali omangidwa pa milandu ya kuba, kupha ndi ina, ena akudikira chilungamo chomwe chinkachedwa. Kumbali ya amuna anapeza bandi yokhala ndi magitala ndi ng'oma, momwe akaidi ndi magadi ankaimbira limodzi. Kumbali ya amayi kunalibe zida, kupatula ndowa ndi manja, ndipo poyamba amayiwo ankakana kuti iwo sapeka nyimbo. Mmodzi atayamba, ena anatsatira, aliyense ndi kanyimbo kake ka iye mwini, tina tosakwana n'komwe mphindi imodzi, tonena za ana osiyidwa kumudzi, matenda ndi kusungulumwa. Chimbale cha I Have No Everything Here chinatuluka mu 2015, nyimbo zake zambiri zili m'Chichewa, ndipo chinakhala choyamba cha ku Malawi kulowa mu mpikisano wa Grammy. Pa mwambo wa mu Febuluwale 2016 ku Los Angeles mphoto inapita kwa Angélique Kidjo, oimba a ku Zomba ali m'maselo awo. Chaka chomwecho anatulutsa chimbale chachiwiri, ndipo ndalama zina za malonda ake zinathandiza kulipira maloya omwe anaunikanso milandu ya ena mwa akaidiwo.